Ikupitirira pa Tsamba 143

Makina anafa Lachisanu masana, yunifolomu ili pakati. Atelala anali atalumikiza kale mapewa, akutsika ndi msoko wautali wa m'mbali, pamene anamva kuti khe! pansi pa singano. Anapalasanso. Singano inkalowa n'kutuluka monga mwa masiku onse, koma pansalu pankangotsala timabowo, ulusi osagwira. Atatembenuza nsaluyo anapeza ulusi utapiringizana kunsi ngati tsitsi la mwana wokana chipeso.

Ikanakhala ya kasitomala, bwenzi atangomuuza kuti abwere sabata yamawa, monga amachitira atelala onse pansi pano. Koma iyi inali ya mwana wawo woyamba, amene anali atangomaliza sukulu ya unamwino, moti pakhomopo dzina lake lenileni linali litaiwalika, aliyense Namwino, Namwino. Lolemba m'mawa ankayamba ntchito kuchipatala, ndipo kalata yomuitana inanena mosabisa kuti wobwera wopanda yunifolomu yoyera abwerera pageti. Zam'sitolo zinkamulekeza pamwamba pa mawondo, poti mwanayo anatengera kutalika kwa bambo ake. Kusoka pamanja maso sankalolanso. Kunatsala telala wa kutsidya kwa msewu, uja amasoka mkono wina wautali wina waufupi, n'kumati vuto ndi thupi la mwini malaya. Atelala anali atamusokera mwana ameneyu chilichonse kuyambira matewera. Ndiye tsiku loyamba la ntchito akavale msoko wa munthu wina, munthu wakenso ameneyo? Ayi ndithu.

Makanika wa makina osokera anabwera dzuwa litapendeka. Anawazungulira makinawo kamodzi, manja ali m'thumba.

"Amayi, makina awa anabadwa liti?"

"Anali a mayi anga."

"Ndiye agwira ntchito yawo, asiyeni apume. Awa zitsulo zake kulibe, amene ankazipanga anamwalira onse. Gulani amagetsi, ndikupezerani abwino."

"Magetsi ake ati, omwe amabwera ngati mlendowa? Ine ndikufuna asoke pofika Lamlungu."

"Ikanipo maluwa, amayi. Amakongola pabalaza."

Anamwa tiyi makapu awiri, n'kumapita.

Nthawi yonseyi amuna awo anali pakhonde, magalasi ali pamphuno, akuwerenga. Anthu a mumsewumo ankawatchula kuti a Injiniya, ngakhale kuti zaka makumi atatu za moyo wawo anathera mu ofesi akudinda makalata. Dzinalo silinali laulemu. Linabwera ndi makatoni.

Tsiku limene ankapuma pantchito, ofesi yawo inkayeretsa chipinda chosungiramo katundu, ndipo aliyense anauzidwa kuti atenge chimene akufuna. Wina anatenga mpando, wina feni, wina wotchi yapakhoma. Bambo a Namwino anabwera ndi makatoni atatu a magazini akale a sayansi ndi makina, ena osindikizidwa iwo eni akukwawa. Mapepala ake anali achikasu, onunkha ngati sutikesi yotsekedwa zaka khumi. Pachikuto pankakhala magalimoto ouluka, mizinda ya pansi pa madzi, nyumba za kumwezi zokhala ndi makatani. M'kati munali azibambo ovala tayi, kaliwo kukamwa, akupanga boti kuseri kwa nyumba, osada ngakhale chala chimodzi. Pambali pawo pankaima akazi awo, atanyamula thireyi, akumwetulira. Atelala ankadana nawo kwambiri akazi amenewa.

"Amayi, tamverani izi," ankatero a Injiniya ali pakhonde, mkazi wawo ali ndi mapini kukamwa. "Akuti ikadzakwana nthawi yakuti, munthu aliyense azidzapita kuntchito pa kandege kakekake, koimika padenga."

"Chaka chanji?"

Ankatchula chakacho.

"Chimenecho chinadutsa Namwino asanabadwe. Kandege kanu kali kuti? Padengapo ine ndikuonapo bowo lodontha basi."

"Koma taonani mmene ajambulira, amayi. Anthu awa ankakhulupirira."

Kukhulupirira kokhako sikukanavuta. Vuto linali loti a Injiniya ankapanganso zimene awerengazo. Anapanga makina opatsa nkhuku chakudya paokha: chitini, chingwe ndi wotchi yolira. Wotchi inalira, kachitseko ka chitini kanatseguka bwinobwino, koma sikanatsekenso, moti thumba lonse la chakudya linakhuthukira pa tambala, amene anafukulidwa ali moyo koma kuyambira pamenepo ankalira masana okhaokha. Anapanga chotenthetsera madzi ndi dzuwa, mapaipi akuda padenga, chimene chinaphulika tsiku lachitatu n'kunyowetsa madiresi asanu ositasita. Anapanga chotseka chitseko chokha, chimene chinamenya mlamu wawo pamphumi akutsanzika. Chilichonse chinkayamba bwino n'kuthera potukwanitsa. Ndipo pachilichonse Atelala anali ndi mawu ake, osachepera sabata.

Loweruka m'mawa Atelala anali atakhala patsogolo pa makina akufawo, tiyi atazizira m'kapu, pamene amuna awo analowa atanyamula magazini ndi manja awiri ngati mwana wakhanda.

"Ngati ndi za kumwezi, bambo, tulukani nazo. Lero si tsiku lake."

"Tangoyang'anani."

Anayang'ana ndi diso limodzi, kenaka ndi onse awiri. Pa tsamba 58 panali makina awo. Osati ofanana nawo, koma iwo enieni: khosi lomwelo, gudumu lomwelo, timaluwa tagolide tomwe tija tinafufutika kale pa awo. Wojambula anali atawang'amba pakati ngati nsomba, zam'mimba zonse zili poyera, chitsulo chilichonse chili ndi kamuvi ndi nambala yake. Zaka zonsezi Atelala ankawathira mafuta makinawo osadziwa kuti m'kati mwake mumaoneka chonchi.

"Mutu wake ukuti, makina anu akayamba kudumpha msoko, musawataye," anatero a Injiniya, chala chikuyenda pansi pa mawu. "Akuti pansi pa singano pali kachitsulo kokhala ndi mlomo, kamene kamakola ulusi singano ikatsika. Nthawi zina kamaterereka, ndiye kamafika mochedwa, singano itapita kale."

"Ngati inu pokwerera basi."

"Eya, ngati ine. Akuti gonekani makina chagada. Muona tibawuti titatu. Tengani chomasulira, kenaka..."

"Kenaka chiyani?"

"Kenaka akuti ikupitirira pa tsamba 143."

"Ndiye pitani pa 143. Mukudikira basi ina?"

A Injiniya anatembenuza magaziniyo n'kuwaonetsa kumapeto. Tsamba lomaliza linali 130. Kuseri kwake kunali timano ta mapepala ong'ambidwa, kenaka chikuto.

"Mbala ija inafikanso pano," anatero mopusa mtima, ngati munthu wonena za mvula. "Onse ndi chonchi, amayi. Anthu amenewa ankalemba nkhani theka kutsogolo, theka n'kukaibisa kumbuyo, pakati pa zotsatsa malonda. Ndiye munthu wina wopanda chisoni kuofesi kuja anang'amba masamba akumbuyo m'magazini onse. Ndimamuganizira mesenjala uja ankasuta fodya wopichira. Zaka ziwiri tsopano, nkhani iliyonse ndimaiwerenga mpaka pakati, mathero ake n'kumangoganizira ndekha. Apanso ndikhoza kuganizira. Tibawuti titatu si tambiri."

"Musakhudze!" Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Musakhudze chilichonse. Ndikupita kukagula ulusi."

Ulusi unali wodzaza kabati, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma Atelala anali atavala kale masilipasi.

Mesenjala uja analibe mlandu. Mwezi umene makatoni anafika, Atelala anali atasowa mapepala odulira mapatani. Anatsegula magazini imodzi ya pansi pa katoni, naona kuti kumbuyo kunali zotsatsa zokhazokha: mankhwala omeretsa tsitsi, malamba ochepetsa mimba, sukulu zophunzitsa kukonza wailesi kudzera pa kalata. Ndani angalire zimenezo? Pepala lake linali labwino, lolimba, losang'ambika ndi pini. Anazula masamba khumi. Sabata yotsatira anazula makumi awiri. A Injiniya ankawerenga mwadongosolo, kuyambira pamwamba pa katoni kutsika, chaka ndi chaka; mkazi wawo ankazula kuyambira pansi kukwera, ndipo dzanja lozula limathamanga kuposa diso lowerenga. Mapepalawo anapita ku mapatani, anayalidwa m'mashelefu a kukhitchini, anapindidwa pansi pa mwendo wa tebulo. Otsala, mtolo wathunthu, anapatsa mayi wogulitsa mtedza pakona. Timizere ting'onoting'ono ta mawu tokhala pakati pa zotsatsazo sanatiwerengepo. Anali ndi nthawi yake iti?

Tsopano, m'malo mopita kusitolo, Atelala anayamba kufufuza kukhitchini, mwakachetechete, atalowera khomo lakuseri. Anatsitsa mapoto, mbale, botolo la mafuta. Pansi pa shuga panali tsamba 139. Pansi pa mchere panali 143, koma linali la kapangidwe ka boti. M'pamene anazindikira tsoka lake lonse: magazini iliyonse inali ndi 143 wakewake, ndipo magaziniwo anali oposa zana. Pansi pa mwendo wa tebulo anapeza 150, atapindidwa kanayi, wa mankhwala a tsitsi. Anamubwezera, poti tebulo linayamba kale kugwedera.

Mayi wa mtedza anali pamalo pake, pansi pa ambulera yong'ambika, akupinda timapepala ngati nyanga n'kumathiramo mtedza.

"Atelala! Lero mwatuluka m'dzenje? Ndimati makina aja anakumezani."

"Asisi, mapepala ndinakupatsani aja, alipo otsala?"

"Alipo pang'ono. Amenewa ndi abwino, salowa mafuta msanga. Makasitomala ena amaima pompano n'kumawerenga. Pali mphunzitsi wina amasankha mtedza poona pepala, akuti akutsatira nkhani ya sitima ya pansi pa madzi."

"Ndiwaoneko."

"Mwaikamo ndalama mwangozi?"

"Ndikufuna tsamba limodzi basi."

"Ha! Matenda a amuna anu aja ndi opatsirana eti? Mawa tikuonani padenga ndi mapaipi."

Atelala anaika chikwama pansi. Anakhala pa kabenchi n'kuyamba kuvundukula mtolo. Atatha mtolo anayamba kumasula timapepala tokulunga kale, mtedza n'kumaukhuthulira m'beseni, mwiniwake akudandaula kuti ntchito ya m'mawa wonse ikubwerera m'mbuyo. Chingerezi chawo cha kusukulu chinali chitachita dzimbiri, koma chinkayenda ukachikankha. Pamwamba pa kamzere kalikonse panali polembedwa kumene nkhaniyo yachokera. Yachokera pa tsamba 40. Yachokera pa tsamba 72. Ya pa 58 panalibe.

Ndiye anakumana ndi nkhuku. Kachithunzi kakang'ono pakona ya pepala lonona mafuta: chitini, chingwe, wotchi yolira. Anachidziwa msanga, poti anasesa zotsatira zake masiku atatu. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Pomaliza, linatero pepalalo, chotsani kawaya kopindika ka pa pegi yoyanikira zovala, mukamangirire ku kachitseko kuti kazitsekeka kokha. Mukaiwala zimenezi chakudya chonse chidzakhuthuka nthawi imodzi.

Pegi. Atelala anali ndi mapegi odzaza chitini.

Anafufuzanso, tsopano ndi mantha. Mapaipi a padenga anawapeza pa 147: siyani kabowo pamwamba kotulukira nthunzi, apo ayi adzaphulika. Pepala lili m'manja, anakumbukira zonse zimene ananena sabata ya madiresi asanu ija. Zina anazinena pamaso pa alendo.

"Mwapeza?" anafunsa mayi wa mtedza.

"Ndapeza zimene sindimafuna. Ndipatseni onsewa, ndikubweretserani manyuzipepala."

"Manyuzipepala amalowa mafuta."

"Ndikusokerani ambulera."

Anabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, mtolo ataubisa m'chikwama pansi pa kabichi amene sanamufune. Pabalaza anapeza Namwino atavala yunifolomu yosathayo, mbali imodzi yogwidwa ndi mapini, akudziyang'ana pagalasi. Bambo ake anali atagwada pafupi ndi makina, manja ali kumbuyo kuti aoneke kuti sakukhudza.

"Ulusi uja mwaupeza, amayi?" anafunsa a Injiniya.

"Watha m'sitolo monse."

"Amama, nanga zitheka?" anatero Namwino. "Ngati sizitheka ndingopita kutsidyaku. Mkono umodzi ukafupika ndizidzaimira chammbali."

"Ukapita kumeneko usabwererenso kuno. Vula, ungadzibaye."

Namwino anavula, n'kuyamba kusanthula zidutswa zotsala zimene zinali patebulo: matumba, malamba a m'mikono, kolala. Chilichonse chinali chikadali ndi patani yake yapepala, yobayidwa ndi mapini pansalu yoyera. Ananyamula kolala n'kuiyika pakhosi, kenaka anaitsitsa n'kuiyandikiza kumaso.

"Amama, kolala yangayi ikukamba za singano."

"Siya zimenezo."

"Zoona. Tamverani. Zungulitsani gudumu mpaka singano ifike pansi penipeni. Ndipo pali nambala apa, 143. Adadi, si tsamba lija mumalifuna?"

Kunja tambala uja analira, pa nthawi yake yolakwika.

A Injiniya anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatenga kolalayo m'manja mwa mwana wawo. Anaiyang'ana, anayang'ana matumba, anayang'ana chitini cha mabisiketi chimene munkakhala mapatani, chodzaza mpaka chivindikiro osatsekeka, mapepala achikasu okhaokha. Kenaka anayang'ana mkazi wawo pamwamba pa magalasi.

"Mesenjala uja," anatero.

"Anali zotsatsa malonda," anatero Atelala. "Mankhwala a tsitsi. Ndikanadziwa bwanji kuti anthu anzeru zawo angabise nkhani pakati pa malamba a mimba? Munthu wolongosoka amayamba nkhani n'kuimaliza pomwepo. Ine ndikasoka diresi sindiika mkono wina m'thumba la buluku la munthu wina."

"Munthu uja ndinamutukwana mumtima zaka ziwiri. Pamaliro ake ndinapita, koma sindinaimbe."

Namwino anali atatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Atelala anaona kuti pobisala patha. Anatulutsa kabichi, anatulutsa mtolo, anasankha pepala la nkhuku n'kuwapatsa amuna awo osawayang'ana. A Injiniya anawerenga ataimirira. Anawerenganso. Atelala anadikira mkuntho, ndipo anali atakonza kale mayankho atatu. Koma bamboyo anangokhala pansi pa mpando wa makasitomala.

"Pegi," anatero motsitsa. "Ndiye kuti zina zonse ndinalondola. Chingwe, wotchi, zonse. Amayi, ndiye kuti mutu wangawu ulibe vuto?"

Mayankho atatu aja anasowa kolowera.

"Mutu wanu tidzaukamba tsiku lina," anatero Atelala, koma mawu ake anatuluka ofewa kuposa mmene anawatumira. "Namwino, chotsa mapini. Samala, usang'ambe."

Kolala ndi chinthu chopindika, choncho mizere ya mawu inkayambira pakati n'kuthera m'malere. Koma Atelala sanali munthu wotaya pepala. Pa tsamba limodzi ankadulapo kolala, thumba ndi lamba wa mkono, zogundana ngati anthu m'basi. Anayala zidutswazo patebulo, natembenuza thumba, nasendeza lamba, ndipo tsamba 143 linabwerera pamaso pawo, lili ndi timabowo ta mapini thupi lonse. Panangosowa kachidutswa kamodzi kopyapyala, kamene sizasi inadya pakati pa kolala ndi thumba.

Namwino ankawerenga, bambo ake atagwira chomasulira, mayi ake atagwira gudumu, makina ali chagada ngati wodwala.

"Singano ifike pansi penipeni. Kenaka ikwere pang'ono, mulingo wa kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Pamenepo mlomo wa kachitsulo uja ukhale kumbuyo kwenikweni kwa singano, pamwamba pang'ono pa diso lake. Kuti muusendeze, masulani tibawuti tiwiri. Chenjezo. Musamasule kabawuti ka..." Anaima. "Pathera pomwepa. Ka chiyani, palibe. Kenaka akuti, chifukwa mukatero zonse zam'kati zidzasokonekera ndipo mudzafunika katswiri."

"Katswiri wake uja wa maluwa," anatero Atelala. Anayang'ana tibawuti titatu tija. Tonse tinali tofanana, takuda ndi mafuta a zaka makumi asanu. Kamodzi mwa ito kanali ndi yunifolomu ya mwana wawo m'kamwa. "Kachidutswako ndinasesa mwezi watha. Basi, zatha."

"Tandipatsani tsamba 58," anatero a Injiniya.

Anaika magalasi bwino, n'kuyang'ana chithunzi chija nthawi yaitali.

"Ndi aka, ka pafupi ndi gudumu."

"Mwaganizira, monga munaganizira mapaipi?"

"Ayi. Taonani, tiwiriti wajambula toyera, aka wakadetsa. Wojambula ameneyu ndimamudziwa, amayi, ndakhala naye zaka ziwiri. Chinthu choopsa amachidetsa nthawi zonse. Waya wa moto amamudetsa, mpeni wa makina amaudetsa. Munthu ukamawerenga nkhani zopanda mathero umaphunzira kuyang'anitsitsa zithunzi."

Atelala anayang'ana chithunzicho, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana yunifolomu yopachikidwa pa mpando. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, sanawalolepo bamboyu kugwira makina amenewa, ngakhale kuwapukuta fumbi.

"Masulani," anatero. "Koma mukalakwitsa, Lolemba mumuperekeza ndinu, mukafotokoze pageti."

Kabawuti koyamba kanakana, kenaka kanalola. Kachiwiri kanamasuka msanga. Namwino anabweretsa machesi kukhitchini, ndipo panabuka mkangano woti kamtengo kake kayezedwe ndi mutu kapena popanda mutu, mpaka Atelala anakathyola mutuwo ndi mano. Anazungulitsa gudumu pang'onopang'ono, a Injiniya anasendeza kachitsulo, namanga. Anaimika makina. Atelala anaika kansalu koyesera, napalasa.

Thwa! Singano inathyoka, kansonga kake n'kuulukira m'kapu ya tiyi.

"Ndinanena ine," anayamba Atelala.

"Amama," anatero Namwino, diso lili pa lamba wa mkono, "apa akuti gudumu muzungulitse chobwera kwa inu. Inu munazungulitsa chopita uko."

A Injiniya anayang'ana kudenga mwaulemu waukulu, ngati akuwerenga malata.

Anagonekanso makina. Singano yatsopano, kamtengo kena ka machesi, gudumu chobwera kuno. Anawaimika kachiwiri. Atelala anaponda chopalasira, ndipo makina anayankha ndi liwu limene anali asanalimve zaka zambiri, losalala, lopanda kakhosomo kaja anali atakazolowera mpaka kukaiwala. Anasoka mzere umodzi, natembenuza kansalu. Msoko unali woongoka, wothithikana, kunsi ngati pamwamba. Anaukoka ndi manja awiri. Sunatheke.

"Hm," anatero Atelala. Kwa iwo amenewo anali mawu ambiri.

Lamlungu lonse makina analira. Kolala anaidulira patani ina ya nyuzipepala, poti yakale ija a Injiniya anali ataimata kale m'magazini yake. Pofika madzulo yunifolomu inali pa hang'ala, yositidwa, mikono yonse iwiri yofanana. Simbi ikadali yotentha, Atelala anatenga mtolo wa kwa mayi wa mtedza uja, ndi mapatani onse a m'chitini, ndi a m'mashelefu, n'kuyamba kusita tsamba limodzilimodzi. M'nyumba monse munanunkha mtedza wokazinga. Atatha anakaika mulu wonsewo pamiyendo pa amuna awo pakhonde, pamwamba pake n'kusanjikapo pegi imodzi.

"Tambala mumutsekere kaye," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Lolemba m'mawa Namwino anatuluka pageti atayera ngati mchere, mayi ake akumuthamangira kumbuyo kuti adule kaulusi kamene iwo okha ndi amene ankakaona. Telala wa kutsidya anasuzumira pawindo, nabwezanso mutu. Atelala anaima pamsewu mpaka mwanayo anakhota pakona, kenaka anabwerera ku ntchito, poti panali masiketi atatu a sukulu ndi ambulera yong'ambika.

Magazini ija inali ikadali pa makina. Anainyamula kuti aichotse, ndipo inatseguka yokha pa tsamba lina. Panali mkazi uja wa thireyi, koma apa analibe thireyi. Anali atakhala pampando, miyendo pa kampando kena, m'manja muli buku, pamene nyumba yake inkadzichapa yokha. Madzi ankatuluka kudenga, mipando inali yosalowa madzi, pansi panali potsetsereka kuti zonse zizipita ku kabowo ka pakona. Mbale zinkasungunuka ukatha kudya. Zopusa zenizeni. Nanga nsalu za makasitomala? Nanga mwana akakhala pansi akulemba za kusukulu? Koma munthu amene analemba zimenezi ankaoneka kuti anakhalapo pansi n'kuganizira za msana wa mkazi ameneyu, ndipo ankalankhula ngati zichitika Lachinayi likudzali. Atelala anakhala pansi, phazi lili pa chopalasira osapalasa. Anawerenga za makoma odziumitsa okha ndi mpweya wotentha. Anawerenga za kabati imene umaponyamo malaya akuda madzulo. Mkati mwa kabatimo, inatero nkhaniyo, malayawo amayamba achapidwa, kenaka, popanda dzanja la munthu, kusita kwake kumachitika motere.

Ikupitirira pa tsamba 151.

Anapita pakhonde. A Injiniya anali pakati pa mapepala, akuwasanja mwezi ndi mwezi, pegi ili kukamwa.

"Bambo, 151 wa magazini iyi ali pamenepo?"

Anafufuza mulu wonse, napukusa mutu. "Palibe. Mwina anapita ndi mtedza. Bwanji, muli chiyani?"

"Palibe. Zopusa basi."

Anabwerera m'nyumba, nakhala pa makina, naika siketi yoyamba pansi pa singano. Anasoka theka la msoko. Kenaka anaima, navala masilipasi.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kukagula ulusi. Mphunzitsi uja wa sitima ya pansi pa madzi, amakhala nyumba iti?"